Yakukomera Chifukwa Chiyani?

Palibe tsiku limene limadutsa popanda munthu kuuza mnzake za nyimbo imene yamugwira mtima, filimu imene waonera dzulo usiku, kapena buku limene wangomaliza kuwerenga. Nkhani zimenezi zimakambidwa m'minibasi, kometera, pamsika, kuntchito nthawi ya nkhomaliro, ndiponso pa WhatsApp ndi pa Facebook. Koma ukatchera khutu bwinobwino, umapeza kuti mawu ake ndi ochepa ndipo ndi omwewomwewo. Wina akuti nyimboyo ndi moto, wina akuti yabeba, wina akuti mulibe kanthu, ndipo wachifundo akuti mwana wathuyu wayesetsa. Zikatero nkhani yatha, anthu ayamba za mpira. Ine ndikuona kuti pamenepa timataya chinthu chamtengo wapatali. Kuuzana maganizo pa zimene tamvera, tawerenga kapena taonera ndi mbali ya luso lenilenilo, chifukwa nyimbo imene palibe akuikamba imafa ngakhale ikhale yokoma chotani. Koma maganizowo amakhala ndi phindu pokhapokha wolankhulayo akalimba mtima n'kunena chifukwa chake. Mawu akuti "yandikomera" ndi chiyambi chabe. Chimene chimamanga luso, chimene chimathandiza woimba ndi womvera yemwe, ndi chimene chimabwera pambuyo pa mawu akuti "chifukwa".

Tiyerekeze anthu awiri akukamba za malemu Allan Namoko wa ku Thyolo, yemwe ankaimba ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Woyamba akuti Namoko anali katswiri, basi. Wachiwiri akuti chimene chimamukoka mwa Namoko ndi liwu lake losasa lija, limene limamveka ngati la munthu amene mavuto akuwanenawo anawaonadi, ndiponso momwe banjo yake imabwerezera kachidutswa kamodzi kosasintha mpaka mawu a nyimbo atakhazikika mumtima, makamaka akamaimba za ana amasiye ndi za mabanja osokonekera. Onse awiri amamukonda Namoko, koma wachiwiriyu wapatsa mnzake makutu atsopano. Womvera angathe kubwerera kunyimboyo kukafufuza ngati zili choncho, ndipo angathe kutsutsa kuti ayi, kubwerezako kumamutopetsa. N'chimodzimodzi ndi munthu amene waonera Madalitso Band. Akangoti anyamatawa ndi oopsa, sitinaphunzirepo kanthu. Koma akatifotokozera za babatoni, chibokosi chokutidwa ndi chikopa, chokhala ndi mtengo wautali ndi chingwe chimodzi, momwe woimbayo amakhalira pamwamba pake n'kumamenya chingwecho uku dzanja lina likutsetsereka m'chingwemo kusintha kalilidwe, pamene mnzake akukhwacha gitala n'kumagunda ng'oma ndi chidendene, ndiye kuti watiuza chinsinsi cha momwe anthu awiri okha amadzazira bwalo lonse. Chifukwa choperekedwa bwino chimasandutsa chisangalalo cha munthu mmodzi kukhala chuma cha anthu ambiri.

Mbiri ya zolembalemba m'Malawi ikuchitira umboni mfundo imeneyi. Cha m'ma 1970, ophunzira ndi aphunzitsi ena a pa Chancellor College anayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers Group. Ankakumana mlungu ndi mlungu, wina n'kubweretsa ndakatulo kapena nkhani yake, anzake n'kuiwerenga ndi kuisenda popanda kunyengererana. Mu 1971 anatulutsa kabuku ka ndakatulo kotchedwa Mau, ndipo m'bwalo limenelo munadutsa alembi monga Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande, Steve Chimombo ndi Anthony Nazombe, amene mayina awo anadzadziwika kutali ndi kwathu kuno. Izi zinkachitika nthawi imene kulankhula kunali koopsa. Lamulo lopatsa boma mphamvu zoletsa mabuku, mafilimu ndi zisudzo linali litakhazikitsidwa mu 1968, ndipo Mapanje, yemwe buku lake la Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981, anamangidwa mu 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Alembi amenewa analibe ndalama, analibe makampani ambiri osindikiza mabuku, analibenso ufulu. Chimene anali nacho ndi anzawo owerenga mosamala ndi kunena zoona. Ngati gulu laling'ono chotero linatulutsa alakatuli ochuluka chonchi m'zaka zowawa zija, n'zovuta kukana kuti kukambirana kopereka zifukwa ndi kumene kumanola luso.

Tikakhala chete, kapena tikamangoombera m'manja osanena kanthu, ntchito yofotokoza luso lathu imagwiridwa ndi ena. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno cha m'ma 1950 kujambula nyimbo za m'midzi, ndipo zambiri zimene anajambula zikusungidwa ku South Africa. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankaimba m'misewu ya Blantyre anthu akuwadutsa, mpaka katswiri wa za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo mu 1967 n'kudzalemba buku lonse lofotokoza kaimbidwe kawo. Chimbale cha akaidi a kundende ya Zomba chinatchuka kwathu kuno pamene chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu wakhala akuimba kwa zaka zambirimbiri, koma achinyamata ochuluka anamutembenukira pamene Patience Namadingo anaimba naye mu 2020, ndiponso pamene nyimbo ya Linny Hoo inafalikira padziko lonse kudzera pa TikTok, mwiniwake atapitirira kale zaka 90. Alendo amene anachita zina mwa zimenezi tiyenera kuwathokoza, pakuti akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma funso limatsala kwa ife eni ake: n'chifukwa chiyani timadikira kuti wakunja ayambe watiuza kuti chathu n'chabwino? Yankho lina ndi lakuti sitinazolowere kuuzana tokhatokha, momveka ndi mwatsatanetsatane, chimene chili chabwino m'zinthu zathu. Munthu amene sanaphunzire kunena chifukwa chimene akukondera chinthu sakhulupirira kukonda kwakeko mpaka wina amutsimikizire.

Alipo amene anganene kuti zokonda ndi za mumtima mwa munthu, ndipo palibe chifukwa chokanganira. Wina amakonda Lucius Banda, wina Black Missionaries, wina nyimbo za kwaya, wina za achinyamata a masiku ano, ndiye aliyense asiyidwe ndi chake. Mfundoyi ili ndi choonadi chake, ndipo ndikuivomereza mpaka pamlingo wina: palibe amene angalamule mtima wa mnzake, ndipo palibe chifukwa chimene chingakakamize munthu kuvina nyimbo imene sikumugwedeza. Koma kupereka chifukwa sikulamula. Ndi kuitana mnzako kuti adzaime pamene waima iwe, aone chimene ukuona. Ndiponso si zonse m'luso zimene zili za mumtima mokha. Ngati woimba watuluka m'mayimbidwe, ngati mawu a m'filimu sakumveka chifukwa mphepo ikuwomba m'chojambulira mawu, ngati mlembi waiwala kuti munthu amene anamupha m'mutu wachitatu wamuyankhulitsanso m'mutu wachisanu ndi chiwiri, zimenezo aliyense angazione. Ngakhale pa zinthu zimene tingasiyane, kukambirana kumasintha makutu. Ambiri amene poyamba ankaona ngati nyimbo za Wambali Mkandawire n'zovuta anadzazikonda atauzidwa kuti amvetsere momwe ankalukira maimbidwe a Chitumbuka ndi zoimbira za jazi. Zokonda za munthu zimakula, ndipo zimakula mwa kumva zifukwa za ena.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba, ndipo chimachokera mumtima wabwino. Akuti aluso athu ali kale pamavuto. Nyimbo zawo zimakopedwa m'makompyuta a pamsika popanda iwo kulandirapo kanthu, ngakhale bungwe la COSOMA lakhala likulimbana ndi mchitidwewu kuyambira 1992. Wojambula filimu amagulitsa katundu wake kuti amalize ntchito, ndipo mlembi amasindikiza buku ndi ndalama za m'thumba mwake n'kumaligulitsa yekha. Kodi munthu wotere tikamudzudzulenso? Kodi kumeneko si kugwetsana kumene timakudandaula masiku onse, nsanje imene ngakhale nyimbo ya fuko lathu imaitchula pakati pa adani a dziko? Ndikuyankha kuti nsanje ilipodi, ndipo yavulaza ambiri, koma nsanje ndi kuunika ntchito n'zosavuta kusiyanitsa. Wansanje amakamba za munthu: kwawo, mkazi wake, galimoto yake, kumene wapeza ndalama. Wounika amakamba za ntchito, ndipo amaloza malo enieni: ndime yachiwiri ya nyimbo ikungobwereza yoyamba, mathero a filimu afulumira, munthu uyu m'bukumu akulankhula ngati mphunzitsi pamene ndi mwana wa zaka khumi. Mawu otere waluso angawagwiritse ntchito mawa lomwe. Kumuuza kuti wayesetsa pamene mumtima tikudziwa kuti sitidzamveranso nyimbo yakeyo ndi kumunyoza mobisa, chifukwa tikumuyesa mwana wosatha kupirira choonadi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Shemu Joyah, amene anatipatsa mafilimu a Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, komanso Joyce Mhango Chavula, amene filimu yake ya Lilongwe inapata mphoto ya mafilimu a mu Africa ku Nigeria mu 2016, akupikisana ndi anzawo a ku Kenya, South Africa ndi Nigeria. Oweruza a kumeneko sadzawachitira chifundo chifukwa chakuti kwawo n'kosauka. Ndi bwino amve kwa ife, amene timawafunira zabwino, zimene akanadzamva mochedwa kwa alendo.

Mkangano umene unabuka mu 2019 pa filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ukuonetsa kuti tikafuna timatha. Filimuyi, imene anaitsogolera Chiwetel Ejiofor kuchokera m'buku la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, inajambulidwa ku Kasungu ndipo mbali yaikulu ya zokambirana zake ili m'Chichewa. Koma ambiri mwa osewera akuluakulu sanali Amalawi. Amene anasewera ngati William ndi mnyamata wa ku Kenya, Maxwell Simba, ndipo Ejiofor mwiniwake, amene anasewera ngati bambo ake, ndi wa ku Britain. Itangotuluka pa Netflix, Amalawi anagawanika. Ena anati Chichewa chake chinali chopotoka kotero kuti mwini chilankhulo ankafunika kuwerenga mawu a Chingerezi apansi aja kuti amve, ndipo anafunsa chifukwa chimene sanapatsire mwayi osewera ambiri a kuno, poti Lily Banda anaonetsa m'filimu momwemo kuti alipo otha. Ena anati kulimba mtima kojambula filimu ya padziko lonse m'Chichewa, m'malo mongoiika yonse m'Chingerezi, kunali ulemu waukulu, ndipo kuti njala ya 2001 ndi 2002 inaonetsedwa moona, ndi mizere ya anthu olimbirana chimanga ndiponso mabanja odya kamodzi patsiku. Mbali zonse ziwiri zinali ndi zifukwa, ndipo n'chifukwa chake mkanganowo unali waphindu. Kwa ine, onse ananena zoona: filimuyo inagwira bwino ululu wa njala ndi kukangana kwa bambo ndi mwana pa njinga imene inayenera kuphwasulidwa kuti makina a mphepo apangidwe, koma inaphonya kayendedwe ka liwu kamene kamapangitsa Chichewa kumveka ngati cha pakhomo. Chodandaulitsa n'chakuti khama lotere timalionetsa pa filimu yochokera kunja, koma pa zathu timabwerera ku mawu awiri aja, "ndi moto" kapena "mulibe kanthu".

Pali amene amadziletsa okha n'kumati ine ndine yani kuti ndiweruze, poti sindinaphunzire za nyimbo, sindinalembepo buku, sindidziwa kugwira kamera. Ena amagwiritsa ntchito mfundo yomweyi potseka anzawo pakamwa: ngati ukudziwa, imba yako. Koma chikhalidwe chathu sichinayambe chaikapo malire otere. Pabwalo la gule, amayi oimba ndi kuomba m'manja ndi amene amadziwa msanga ngati ng'oma yaphwa, ndipo woimba ng'oma amaithamangitsira kumoto kukaiwamba popanda kufunsa ngati amayiwo anasemapo ng'oma. Ponena nthano, omvera amavomera, ndipo wofotokoza akasokoneza nkhani ana omwe amamukonza. Zisudzo za Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata, kapena nthabwala za Izeki ndi Jakobo, zinakula pamaso pa anthu amene ankayankha pomwepo, kuseka pamene pakoma ndi kung'ung'udza pamene pazizira. Luso limapangidwira omvera, ndipo womvera ndiye mboni ya zimene lamuchitira. Sakufunika digiri kuti anene kuti pamalo akutiakuti mtima wake unagunda, pamalo akutiakuti anayamba kuganiza zina. Chimene akufunika ndi kukhulupirika: amvere nyimbo yonse asanaiweruze, amalize buku asanalinyoze, ndipo ngati sanamalize anene kuti analekera pati ndiponso chimene chinamulepheretsa. Katswiri wophunzira ali ndi malo ake, pakuti amatha kutchula zimene enafe timangozimva, koma iye amawonjezera pa zokambirana za anthu wamba, salowa m'malo mwake.

Kumene kukhala chete kwathu kwawononga kwambiri ndi ku mabuku a Chichewa. Ambiri timakumana nawo kusukulu kokha, kumene funso limakhala lakuti mayeso adzafunsa chiyani, ndipo tikalemba mayeso a Fomu 4 timawatsekera m'katoni. Komatu tili ndi mabuku oyenera kukanganirana. Sikusinja ndi Gwenembe la J.W. Gwengwe, Kokha Mcheperawakalulu la E.J. Chadza, Ikakuona Litsiro Sikata la Jolly Max Ntaba ndi Njala Bwana la Willie Zingani ndi mabuku amene anthu a mibadwo yosiyana anawawerenga, koma si kawirikawiri kumva akulu awiri akutsutsana za iwo monga amachitira ndi mpira. Taonani Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933, limene linapata mphoto pa mpikisano wa mabuku a zilankhulo za mu Africa ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira. Ine ndimaona kuti mphamvu ya bukuli ili m'mbali zimene Ntara akufotokoza moyo wa pamudzi, kubadwa kwa mwana, maliro, milandu ndi unyamata wosamvera wa Nthondo, ndipo kuti kutembenuka mtima kwake kumapeto kukubwera mosalala kwambiri, monga zinkayembekezeka kwa mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma wa nthawi imeneyo. Wina angatsutse kuti kutembenukako ndiye mutu weniweni wa nkhaniyo, ndipo kuti Ntara ankalemba zimene ankakhulupirira ndi mtima wonse. Tikatsutsana chotere, wachitatu amene akutimvera amafuna kulipeza bukulo kuti adzionere yekha, ndipo wosindikiza amapeza chifukwa cholisindikiziranso. Buku limakhala ndi moyo m'kamwa mwa owerenga.

Masiku ano pabwera chinthu china chimene chikufuna kulanda malo a maganizo athu, ndicho manambala. Nyimbo ikuyesedwa yabwino chifukwa yaoneredwa kambirimbiri pa YouTube, ndipo woimba akuyesedwa wamkulu chifukwa cha kuchuluka kwa omutsatira. Manambala amatiuza kuti anthu angati anatsegula nyimbo, koma satiuza ngati inawasiyira kanthu. Evison Matafale anatulutsa zimbale ziwiri zokha asanamwalire ali m'manja mwa apolisi mu 2001, koma mpaka lero anthu amakambabe zimene ankanena, chifukwa omvera ake ankauzana tanthauzo la nyimbo zake m'mabasi ndi m'misika, kutsutsana ndi kumasulirana. Chimene chinamusunga ndi kukambirana kumeneko. Ndikudziwa kuti malo a pa intaneti amene tingakambirane ndi omwewonso amene anthu amatukwanirana, ndipo ena amaopa kunena maganizo awo kuopa kuukiridwa ndi otsatira a woimba. Mantha amenewa ndi omveka. Koma anthu oganiza bwino akachoka pabwalo, otukwana ndi amene amatsala, ndipo waluso amangomva mawu a omutamanda mopanda nzeru ndi a omunyoza mopanda chifukwa. Mankhwala a kulankhula koipa ndi kuchulukitsa kulankhula kwabwino, kwaulemu, kolunjika pa ntchito, kokonzeka kusintha ngati wina wabweretsa chifukwa choposa.

Zimene ndikupempha sizifuna ndalama kapena lamulo la boma. Woulutsa mawu pawailesi akamaliza kuika nyimbo angathe kunena chinthu chimodzi chimene chili chapadera m'nyimboyo, m'malo mongotchula mayina a opereka moni. Nyuzipepala zingathe kupatula malo oti munthu aunike chimbale kapena buku latsopano moona mtima, osati kungolengeza tsiku lokhazikitsa. Mphunzitsi wa Chichewa angathe kufunsa ophunzira ngati mathero a nkhani awakhutiritsa, n'kulola kuti asiyane maganizo. Ndipo aliyense wa ife, akamauza mnzake za chimene chamukomera, angathe kuwonjezera chiganizo chimodzi chonena pamene pamukomera ndi chifukwa chake, n'kufunsanso mnzakeyo kuti iye waona zotani. Aluso nawonso ali ndi mbali yawo, yophunzira kulandira mawu otere ngati mphatso ngakhale akuwawa, ndi kusiya kuyesa mdani aliyense amene sanaombe m'manja. Ufulu wolankhula umene tinaupeza mu 1994 anauvutikira anthu ena, ndipo pakati pawo panali alakatuli ndi oimba. Njira imodzi yowalemekezera ndi kuugwiritsa ntchito pa zimene iwo ankazikonda, kumvetsera mosamala ntchito za aluso athu ndi kuwauza zoona. Dziko limene omvera ake amadziwa kufotokoza chimene akufuna limabala oimba, alembi ndi ojambula amene amadziwa kuchipereka.